Mzinda wa Benin ndi Mabuku a Zithunzi Zache

Munthu amene afuna kukonza buku la zithunzi lonena za luso la mzinda wina ali ndi milandu yoti aweruze asanapite kwa osindikiza. Ayenera kusankha chithunzi choyamba ndi chotsiriza, ayenera kudziwa chinthu chimene chidzakhala pambali pa chinzache pa tsamba limodzi, ndiponso ayenera kupeza mau oti alembe pansi pa chithunzi chiri chonse. Ambiri ayesa kuti imeneyi ndi nchito ya manja chabe, yoti mmisiri wa makina angaithe yekha. Koma mwana wa sukulu potsegula buku sayamba ndi mau iai. Maso ache athamangira ku zithunzi, ndipo mbiri imene aitola m'menemo ndiyo idzakhala naye kufikira ukalamba. Tsono inu amene mulikukonzekera nchito ya uphunzitsi, amene mudzagwira mabuku otere pamaso pa ana, nkoyenera kuti muone m'mene milandu imeneyi inabvutira anthu ophunzira kwambiri pamene anayesa kuika m'buku luso la mzinda wa Benin.

Benin amene tirikunena pano ndi mzinda wa anthu a mtundu wa Edo, kumwera kwa dziko la Nigeria, m'dera la nkhalango zowirira. Tisausokoneze ndi dziko loyandikana ndi Nigeria lotchedwa Benin, limene kale linali Dahomey ndipo linatenga dzinali m'chaka cha 1975. Mfumu ya mzindawu aitcha Oba. Kuyambira kale amisiri a kumeneko anali m'magulu, gulu liri lonse ndi dera lache m'mzinda, ndipo mwana ankalowa nchito ya atate wache. Osema minyanga ya njobvu ndi mitengo anali gulu la Igbesanmwan. Oyenga mkuwa anali gulu la Igun Eronmwon, ndipo mbumba yao ikali kuyenga mkuwa mpaka lero m'mseu wa Igun. Amenewa anali anthu a Oba. Popanda chilolezo chache sanali kuyengera munthu wina ali yense.

Kayengedwe kao nkoyenera kukafotokoza, pakuti amene sakadziwa sangathe kulemba mau oona pansi pa chithunzi. Mmisiri ayamba ndi kuumba dongo monga mwa maonekedwe a chinthu chimene afuna. Likauma alikuta ndi phula la njuchi, ndipo pa phulapo ndi pamene aonetsa luso lache lonse: maso, mikanda ya m'khosi, mphini za pamphumi, ngakhale timaanga ta nyalugwe. Atatero amata dongo losalala pamwamba pa phula, kenaka dongo lina lochindikala, nasiya timipata. Achiika pamoto, phula lisungunuka nkutuluka, ndipo m'malo m'mene munali phula athiramo mkuwa wosungunula. Ukazizira aswa dongo lija. Taonani tsono: chikombole chimene chaswedwa sichigwiranso nchito, chotero palibe zinthu ziwiri za ku Benin zimene zinatuluka m'chikombole chimodzi. Ngati ziwiri zifanana, ndiye kuti mmisiri anachita kuzifanizira dala ndi manja ache. Mfundo imeneyi muisunge, tidzaifunanso patsogolo.

Mkuwa wambiri unkabwera ndi amalonda a ku Ulaya. Apwitikizi anafika ku Benin cha m'ma 1485, ndipo pogula tsabola, nsaru, minyanga ndi akapolo ankalipira zibangiri za mkuwa. M'chaka cha 2023 akatswiri amene anapima zibangiri zotoledwa m'zombo zomira anapeza kuti mkuwa wache unachokera ku dera la mtsinje wa Rhine ku Jeremani, ndi kuti ufanana ndi wa zoyenga zambiri za ku Benin. Mkuwa utachuruka chotero, m'zaka za pakati pa 1500 ndi 1600, maka-maka m'nthawi ya Oba Esigie ndi mwana wache Orhogbua, amisiri anayenga magome a mkuwa, ooneka ngati sileti ya mwana wa sukulu koma okulirapo, ambiri kutalika kwache ngati mkono umodzi. Pa magomewo panali mfumu ndi nduna zache, ankhondo, oyimba, anyamata a kubwalo, Apwitikizi a tsitsi lalitali ndi mfuti zao, anyalugwe, ng'ona, njoka ndi nsomba. Anawakhomera ndi misomali pa nsanamira za bwalo la mfumu. Magome opitirira 850 alipo mpaka lero.

Tinganene kuti nsanamira zimenezo ndizo zinali buku loyamba la zithunzi za mzindawo, ndipo eni ache ndiwo analikonza. Mlendo wolowa kukaonekera kwa Oba ankapyola pakati pa masamba ache. Gome liri lonse linali ndi malo ache, linzache la m'mwamba ndi la m'munsi, ndipo mau a pansi pa chithunzi anali m'kamwa mwa akuru a kubwalo.

Anthu a ku Ulaya anayamba kuona chithunzi cha mzindawu m'chaka cha 1668, m'buku lalikuru lonena za Afirika limene Olfert Dapper anasindikiza ku Amsterdam. Dapper anatchula makonde a nyumba ya mfumu ndi nsanamira zokutidwa ndi mkuwa wa zithunzi za nkhondo, ndipo mau achewo athandiza olemba mbiri kwambiri. Koma iye mwini sanapondepo mu Afirika. Anangolemba zimene anamva kwa amalonda. Wozokota chithunzi cha m'bukumo nayenso sanauone mzindawo. Anawerenga kuti Oba atuluka pa kavalo pamodzi ndi oyimba ndi anyalugwe oweta, ndi kuti pa nsonga za madenga pali mbalame za mkuwa, ndipo zotsalazo anazitenga m'mutu mwache. Chithunzi chimenecho nchokongola ndithu, ndipo chabwerezedwa m'mabuku osawerengeka, ena a sukulu, kawiri-kawiri popanda liu limodzi lochenjeza mwana kuti wochijambula anali ku Holland. Wokonza buku angachiike, koma chiri ndi malo ache: chionetsa m'mene Azungu a nthawi imeneyo ankaganizira za Benin, ndipo mau a pansi pache ayenera kutero.

Patapita nthawi magome aja anachotsedwa pa nsanamira naikidwa m'nyumba yosungiramo zinthu. Akuru ena a ku Benin anakumbukira kuti kukabuka mkangano wa mwambo wa kubwalo, monga za chobvala choyenera nduna yakuti-yakuti, anthu ankapita kukayang'ana pa magomewo. M'menemo ndimo anali pofika chaka cha 1897.

M'mwezi wa January chaka chimenecho James Phillips, amene ankagwirizira udindo waukuru wa boma la Angerezi m'dera la m'mbali mwa nyanja, ananyamuka kupita ku Benin, ngakhale anamuuza kuti ayambe wadikira chifukwa Oba anali pa miyambo. Miyezi yochepa m'mbuyomo iye anali atalembera ku London kupempha chilolezo chochotsa Oba pa mpando, nanena kuti minyanga ya m'nyumba ya mfumu idzabweza ndalama za ulendowo. Ankhondo a Edo anaukira ulendo wache pa njira, napha Azungu 7 ndi amtengatenga ambiri. Angerezi anatumiza asilikali ngati 1,200 otsogozedwa ndi Harry Rawson, ndipo pa 18 February analanda mzinda. Patapita masiku atatu moto unapsereza nyumba ya mfumu ndi mbali yaikuru ya mzinda. Oba Ovonramwen anamtengera ku Calabar, kumene anafera m'chaka cha 1914. Zinthu zikwi zingapo za mkuwa, za minyanga ndi za mitengo zinatengedwa; zina boma linagulitsa, zina asilikali anagawana. Palibe amene analemba kuti chakuti chinali m'chipinda chakuti, pambali pa chakuti.

Apa ndi pamene panayambira bvuto la okonza mabuku. Yerekezani kuti munthu wang'amba buku lalikuru tsamba ndi tsamba, wadula mau onse, nasakaniza zithunzi m'dengu, kenaka wapatsa mlendo wosadziwa chinenerocho kuti alisokenso. Charles Read ndi Ormonde Dalton a ku British Museum ndiwo analandira dengu lotere. Magome ngati 300 anaonetsedwa kumeneko m'chaka chomwecho cha 1897, ndipo m'chaka cha 1899 awiriwa anatulutsa buku la masamba akuru-akuru lotchedwa Antiquities from the City of Benin. Anajambula magome ndi makina, angapo pa tsamba limodzi, liri lonse ndi nambala yache. Nchito yao inali yosamalitsa, ndipo zithunzi zao zithandiza mpaka lero. Koma mau ao ambiri anali ofotokoza zimene diso liona kale: munthu wobvala chisoti, wagwira lupanga, kumbali kuli anyamata awiri. Mabowo a misomali aoneka bwino-bwino pa zithunzizo, ndipo nsanamira imene misomaliyo inalowamo palibe.

Mabuku ena anatsatira msanga. Wamalonda wina, W. D. Webster, ankasindikiza timabuku ta zithunzi toitanira ogula, chinthu chiri chonse ndi mtengo wache. Nchomvetsa chisoni kuti timabuku ta malondato tiri m'gulu la mabuku oyamba a zithunzi za luso la Benin, ndipo lero ofufuza atigwiritsa nchito polondola kumene zinthu zinapita. Pitt-Rivers, mkuru wa asilikali wopuma amene anagula zambiri za zinthuzi, anatulutsa lache la masamba a zithunzi 50 m'chaka cha 1900. H. Ling Roth, amene mbale wache anali dotolo pa nkhondo ija, anatulutsa Great Benin m'chaka cha 1903, ndipo pa dzina lenileni la bukulo anaphatikiza miyambo, luso ndi zoopsa za mzindawo. Nzoona kuti ku Benin kunali nsembe za anthu, ndipo Angerezi polowa anapeza mitembo; wolemba mbiri sayenera kubisa zimenezo. Koma pamene zoopsa ziikidwa pa chikuto, ndipo mutu wa mkuwa ubwera pambuyo pache, wowerenga aphunzira mosazindikira kuti zinthuzo zinachita kupulumutsidwa, ndipo funso lakuti zinali za yani silimfikira konse.

Wopambana onse pa khama anali Felix von Luschan wa ku Berlin, amene anagulira mzinda wache zinthu za ku Benin mazana angapo, ndipo anatama oyenga a Edo poyera kuti sachepa kwa amisiri omveka a ku Ulaya. Buku lache linatuluka m'chaka cha 1919 m'zigawo zitatu, ndi zithunzi mazana-mazana. Iye anasanja magome monga mwa zimene ziri pamenepo: a Azungu paokha, a munthu mmodzi paokha, a anthu awiri kapena atatu, a nyama, ndi ena otero. Kusanja kotere nkwabwino kwa munthu wofuna kulinganiza zisoti kapena malupanga. Koma kufanana ndi mphunzitsi amene, pofuna kuphunzitsa mbiri ya mudzi, aimika anthu onse m'mizere monga mwa msinkhu wao: aatali uku, aafupi uko. Mzerewo uoneka bwino, koma simungadziwe mwana ndi amache, kapena mfumu ndi nkhoswe yache.

Tione zimene zinatayika m'kasanjidwe kameneka. Mitu ya mkuwa ya mafumu iri ndi bowo pamwamba. M'mabuku oyambawo mutu ukhala pa tsamba la zamkuwa, ndipo mnyanga wosema ukhala kutali pa tsamba la zaminyanga. Koma ku Benin ziwirizi zinali chinthu chimodzi. Oba watsopano ankamangira atate wache guwa la dothi, naikapo mitu ya mkuwa, ndipo pa bowo lija ankaimikapo mnyanga wosemedwa zithunzi za mafumu ndi ankhondo. Pomwepo panalinso mabelu oitanira mizimu ndi ndodo zogogodera pansi popemphera. Pali chithunzi cha guwa lotere chimene wamalonda wina, Cyril Punch, anajambula nkhondo isanachitike. Sichioneka bwino kweni-kweni, komabe chiphunzitsa zambiri koposa masamba khumi a mitu yoima payokha-payokha.

Chinanso ndi ichi. Pali magome oonetsa amuna atagwira ndodo za mkuwa zokhala ndi mbalame ya mlomo wautali pamwamba, alikumenya mlomowo ndi kamtengo. Wongoona ndi maso adzalemba kuti awa ndi oyimba. Eni ache asimba kuti pamene Oba Esigie ankapita kukamenyana ndi anthu a ku Idah, cha m'ma 1515, mbalame ina yolosera inalira kulira kwa tsoka, ndipo ankhondo anafuna kubwerera. Esigie analamula kuti aiphe, napitirira, napambana nkhondoyo. Pobwera anauza amisiri kuti ayenge mbalameyo, kuti nduna zizimenya mlomo wache pa chikondwerero cha Ugie Oro, kukumbutsa anthu kuti Oba aposa maula. Chimodzi-modzinso gome la mfumu ya miyendo ya milamba, itagwira anyalugwe awiri. Nyalugwe ndiye mfumu ya kutchire, ndipo mlamba ndi wa Olokun, mwini nyanja ndi chuma. Ena atinso chithunzicho chikumbutsa Oba Ohen amene anapuwala miyendo. Nanga makina ojambulira, ngakhale abwino chotani, angazidziwe bwanji zimenezi?

Mau amene anasowa m'mabuku a ku Ulaya anali ku Benin komweko. Jacob Egharevba, wobadwa m'chaka cha 1893, anali mwana wamng'ono pamene mzinda unapsya. Atakula anayendera akuru a kubwalo, osunga maina a mafumu, oyenga mkuwa ndi osema, nalemba zimene anamuuza. Buku lache linayamba kutuluka m'chinenero cha Edo m'chaka cha 1933. La Chingerezi, A Short History of Benin, linatsatira posachedwa, ndipo linasindikizidwanso m'zaka za 1953, 1960 ndi 1968. Amene mwawerenga Mbiri ya Achewa ya Samuel Nthara mudzaizindikira nchito yotere, pakuti onse awiri anakhulupirira kuti akuru-akuru ndi m'dambo mozimira moto, nathamangira kwa iwo asanathe. Egharevba anasanja buku lache monga mwa mafumu, wina pambuyo pa mnzache: Oguola, Ohen, Ewuare, Ozolua, Esigie, mpaka a m'nthawi yache. Umu ndimo m'mene Aedo eni ache asungira nthawi. Kanali kabuku kochepa, kosalingana konse ndi mabuku olemera a ku London ndi Berlin, ndipo zinthu zambiri zimene ankazinena zinali tsidya la nyanja kumene iye sakanatha kuzijambula. Chotero kwa zaka zambiri mbiri ya luso la mzinda umodzi inakhala yogawika pawiri, zithunzi kwina, mau kwina.

Kugawikaku kuoneka bwino pa funso lakuti anaphunzitsa Aedo kuyenga ndani. Olemba oyamba a ku Ulaya, poona Apwitikizi pa magome, anafulumira kuganiza kuti lusolo linachokera kwa Azungu. Egharevba analemba mwambo wakuti Oba Oguola anapempha mmisiri kwa mfumu ya ku Ife, ndipo anamtumizira Iguegha, amene oyenga a ku Benin amlemekeza monga kholo lao. Akatswiri atsutsana pa zaka za Oguola, ndipo ena akayika ngati luso la Benin linachokeradi ku Ife. Koma nthaka yokha inachotsa Apwitikizi pa mlanduwu. M'chaka cha 1938 anthu okumba maziko a nyumba ku Ife anapeza mitu yoyenga yokongola kopambana, ya nthawi imene zombo za Apwitikizi zinali zisanafike, ndipo m'zaka za 1959 ndi 1960 Thurstan Shaw anafukula ku Igbo-Ukwu zoyenga zakale koposa pamenepo, za zaka ngati 1,000 zapitazo. Wokonza buku lero akaika chithunzi cha Mpwitikizi pa tsamba loyamba, wabwezera bodza lakale ngakhale asalembe liu limodzi labodza.

M'chaka cha 1963 William Fagg wa ku British Museum anatulutsa Nigerian Images, buku la luso la Nigeria yense, ndi zithunzi za Herbert List. List anajambula mitu ya mkuwa monga ajambulira nkhope ya munthu wamoyo, pafupi, kuwala kuchokera mbali imodzi, ndipo amene atsegula bukulo sangakaike kuti alikuona nchito ya amisiri akuru. Fagg anayesa kupeza zaka za zinthu poyang'ana maonekedwe ao, nagawa luso la Benin m'nyengo zitatu. Mitu yopyapyala ndi yopepuka anaiika poyamba. Yolemera, ya mikanda yokwera mpaka pa mlomo, anaiika potsiriza, ndipo anaona ngati luso linali kulowa pansi. Kagawidwe kache kathandiza ambiri, koma chiweruzo chachecho ine sindichibvomera msanga. Mutu woti usenze mnyanga waukuru uyenera kulemera, ndipo mikanda yofiira yochuruka inali kunena za ulemerero wa mfumu, chimene eni guwa anali kufuna. Kuonjezera apo, buku losanjidwa kuchokera pa ubwana kufikira pa ukalamba lifuna imfa pa tsamba lotsiriza, ndipo olemba ambiri anaipeza imfayo m'chaka cha 1897.

Koma mzindawo sunafe. M'chaka cha 1914 mwana wa Ovonramwen analowa ufumu monga Eweka II, namanganso nyumba ya mfumu, naitana oyenga ndi osema kuti akonze guwa la atate wache. Kuyambira m'chaka cha 1933, pamene Akenzua II analowa ufumu, Solomon Alonge, mwana wa mzinda womwewo, anakhala wojambula zithunzi wa kubwalo kwa zaka zambiri, ndipo m'zithunzi zache tiona nduna zamoyo zitabvala mikanda ndi kugwira malupanga onga omwe aja a pa magome. Kuika chithunzi cha Alonge pa tsamba la kumanja ndi gome la nthawi ya Esigie kumanzere ndiko kuphunzitsa mwana, popanda kumuuza, kuti zaka 400 sizinadule mwambowo. Ndiponso chithunzi chodziwika cha Ovonramwen ali m'chombo popita ku ukapolo wache chinajambulidwa ndi munthu wakuda, Jonathan Adagogo Green wa ku Bonny, ngakhale kwa nthawi yaitali ochiona ambiri sanadziwe zimenezo.

Tsopano tibwerere ku chikombole choswedwa chija. Pakati pa 1950 ndi 1972 British Museum inagulitsa zoyenga za ku Benin zopitirira 30, zambiri kwa boma la Nigeria, ndipo chifukwa chimodzi chimene anapereka chinali chakuti magome ena ali ndi anzao ofanana nao, chotero limodzi likwanira. M'chaka cha 2018 Kathryn Gunsch anatulutsa buku m'mene anapima magome mazana ambiri, m'lifupi mwache ndi m'mphepete mwache. Anaonetsa kuti magome otambalala ali ndi milomo yopindikira kumbuyo yokumbatira ngondya za nsanamira, pamene opapatiza alibe, chifukwa anali a m'mbali zopapatiza za nsanamira yomweyo. Anaonetsanso kuti ambiri anayengedwa awiri-awiri dala, kuti ayang'anane kapena atsatane m'bwalo. Ndiye kuti zimene anaziyesa zobwereza zinali mapasa, ndipo kuwalekanitsa kunali kung'ambanso buku lija kachiwiri. Maganizo ache onse sanatsimikizike, pakuti nyumba yakaleyo kulibe. Komabe wokonza buku tsopano ali ndi chifukwa chomveka choikira magome awiri ofanana pa masamba oyang'anana, m'malo motaya limodzi kuti asunge malo.

Inu mwina simudzasindikiza buku la Benin. Koma mudzapachika zithunzi pa khoma la kalasi, ndipo tsiku lina ana anu adzasonkhanitsa zithunzi za mipando, mbiya, mphasa ndi nyumba zakale za kwanu kuti apange kabuku kao. Pamenepo mafunso adzakhala omwewa. Anachijambula ndani, ndipo anachiona ndi maso ache kodi? Chinthuchi chisanajambulidwe chinali pati, pambali pa chiani? Eni ache achitcha chiani m'chinenero chao? Dzina la eni ache liyambe, kumasulira kubwere pambuyo. Ndipo musaiwale kunena kukula kwa chinthu, pakuti pa tsamba la buku kachigoba ka mnyanga koti nkukwana m'manja kangaoneke kolingana ndi chitseko. Zigoba za nkhope ya Idia, amache a Esigie, nzotero: Oba ankazibvala pa thupi monga chokometsera cha mwambo, ndipo sizinali zobisira nkhope. Chimodzi chiri ku London, china ku New York. Pamene Nigeria inasankha nkhope imeneyo kukhala chizindikiro cha chikondwerero chachikuru cha luso la anthu akuda ku Lagos m'chaka cha 1977, inapempha kubwereka cha ku London koma sichinaperekedwe, ndipo osema a ku Nigeria anasema china.

M'mwezi wa November 2022 zithunzi ndi mau zinayamba kukumananso. Akatswiri a ku Benin ndi a ku Ulaya anatsegula pa intaneti nkhokwe yotchedwa Digital Benin, m'mene anasonkhanitsa zinthu 5,246 zosungidwa m'nyumba 131 m'maiko 20, ndipo anazisanjanso monga mwa maina ao a Chiedo ndi nchito zao, atafunsa akuru ndi amisiri a mzindawo. Wokonza buku angathe tsopano kupeza mutu ku mzinda wina ndi mnyanga ku dziko lina, nkuziika pa tsamba limodzi pansi pa dzina la mfumu, monga anasanjira Egharevba.

Mzere wotsiriza wa mau a pansi pa chithunzi, wonena kumene chinthu chiri, ndi umene ubvuta tsopano, pakuti zinthu zayamba kuyenda. M'chaka cha 2022 boma la Jeremani linabvomera kuti zinthu zopitirira 1,100 zikhale za Nigeria, ndipo m'chaka cha 2025 dziko la Netherlands linabweza 119. Pali tambala wa mkuwa, amene Aedo amutcha okukor, wa mtundu umene unkaikidwa pa guwa la amache a mfumu. Anatengedwa m'chaka cha 1897, ndipo m'chaka cha 1905 kholo la wophunzira wina linampereka ku Jesus College ku Cambridge, kumene anaima m'chipinda chodyera kufikira ophunzira anadandaula m'chaka cha 2016. Anaperekedwa kwa nthumwi za Nigeria m'mwezi wa October 2021, ndipo m'mwezi wa February 2022 anafika m'manja mwa Oba Ewuare II, patapita zaka 125 chichokere m'mzindamo. Mabuku onse amene analemba Cambridge pansi pa tambalayo ayenera kukonza mzere umenewo posindikizanso.